Nkhafi ndi yathu, nanga "multa" ndi ya yani?

Lachiwiri ndinajambula bwato pa bolodi. Buku la Chipwitikizi limati proa, popa, remo, leme. Ana anangoti duu. Nditafunsa kuti bambo awo amapalasa ndi chiyani pa Chirwa, kalasi yonse inakuwa: nkhafi! Proa ndi kutsogolo kwa bwato, popa ndi kumbuyo, leme ndi tsigiro lowongolera.

Mawu amenewa ali ndi mbiri, abale. Bwato losema ndi nkhafi ndi za makolo. Thanga, nsalu yokoka mphepo, Aswahili amati tanga, ndipo nangula amati nanga. Kumbukirani kuti zombo za a Jumbe zinkayenda pa nyanja ya Niassa kuchokera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800. Sitima ndi mawu a Chingerezi, ndipo yoyamba pa nyanjayo inali Ilala, mu 1875.

Mawu a lamulo ndiye anabwera ndi malire. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana kuti malire atsate gombe la kum'mawa la Chiuta ndi Chirwa. Matemba sanafunsidwe, asodzinso ayi. Lero msodzi wa kuno ku Mecanhelas amamva licença, multa, apreensão. Licença ndi chiphaso, multa ndi chindapusa, apreensão ndi kulandidwa ukonde kapena bwato. Malume anga anadindapo chala pa pepala lotere osadziwa kuti akuvomera mlandu, ukonde n'kupita. N'chifukwa chake mawu atatuwa ndawalemba pa bolodi lomwelo, pansi pa nkhafi.