Mausi, mbewa ndi mtsempha wochita dzanzi

Ku Kaluluma, kuwawa kwa dzanja si kwachilendo. Osoka fodya m'zigafa amakudziwa bwino, ndipo alembi amene amatandala pa kompyuta m'maofesi a ku Nkhamenya nawonso amakudziwa. Koma akafuna kufotokoza pamene pakuwawa, ambiri amangoloza pomangira wotchi.

Liwu limene limasokoneza kwambiri ndi "mtsempha". Pomangira wotchipo pali kanjira kopanikizika, kamene madokotala amati carpal tunnel. M'kanjirako mumadutsa mitsempha 9 yokoka zala, ndi umodzi wina wonyamula uthenga pakati pa dzanja ndi ubongo. Umodziwu ukafinyika, chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi, makamaka usiku. M'Chichewa yonseyi ndi mitsempha, pamodzi ndi ya magazi yomwe. Ndiye wodwala akamva kuti mtsempha wafinyika, amaganiza kuti magazi sakuyenda, n'kuyamba kutikita dzanja, chonsecho chofunika n'kuleka kulipinda potayipa.

Zida zopangidwira vutoli zilipo. Mu 1994 kampani ya Microsoft inatulutsa Natural Keyboard, kiyibodi yogawika pakati kuti manja asamakhotere kunja. Palinso mausi yoimirira, imene munthu amaigwira ngati akupereka moni. Izi sizifuna dzina latsopano. "Yogawika" ndi "yoimirira" akukwanira.

Nanga mausi itchedwe mbewa, monga liwuli limatanthauzira m'Chingerezi? Okonda Chichewa chosasakaniza angakonde zimenezo. Koma ku Kasungu mbewa ndi ndiwo, ndipo mphunzitsi wouza ana kuti agwire mbewa adikire kaye kuti kuseka kuthe. "Mausi" linakhazikika kale ngati "sukulu" ndi "buku", lisiyidwe.

Katswiri wina, Douglas Engelbart, anaonetsa mausi kugulu mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lino. Chichewa Board inabwera mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Mu 2014, boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, choncho mawu a sayansi ya thupi alibenso pokulira m'kalasi. Akatswiri a ku Zombawo akhale pansi ndi anamwino a ku Kaluluma, kumene Chitumbuka chimamvekanso kwambiri, agwirizane mayina osiyanitsa mitundu itatu ya mitsempha ija m'ziyankhulo zonse ziwiri.