Mbiri ya Mawu Akuti "Mnzanga"

Ophunzira inu, tayesani kutchula "mnza" osawonjezapo kanthu. Mudzaona kuti mawuŵa sayima paokha. Timati mnzanga, mnzako, mnzake, anzathu. Nthaŵi zonse amafuna munthu wachiŵiri, ndiponso wolingana naye.

M'midzi ya makolo, mwamuna potchula mkazi wake mwaulemu ankati "amake Uje," mkazinso nati "atate ake a Uje." Pamitala mpamene mawu athuŵa ankamveka: akazi a mwamuna mmodzi ankatchulana "mkazi mnzanga," kuvomereza kulingana kwawo ngakhale mtima ukukana.

Tsono taganizani za Rufunsa, dziko la Asoli, kwa mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bundabunda. Lusaka itakhala likulu m'chaka cha 1935, Acheŵa, Ansenga ndi Angoni ambiri ochokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ankadzera pomwepo mumseu wa Great East Road pokafuna ntchito. Paulendo wotere, mnzako anali iye wogaŵana naye kamba ndi moto wausiku, angakhale wa mtundu wina.

Pofika m'tauni, ankhoswe ndi atsibweni anali kutali. Wodwazika mwamuna anali mkazi wake yekha, mkazinso chimodzimodzi. Nchifukwa chake sitidabwa lero kumva munthu akuti, "Uyu ndiye mnzanga wapabanja."

Musawatchule mopepuka mawuŵa. Akulu adati, mnzako akapsa ndevu mzimire. Mukati "mnzanga," kaya kwa mkazi, mwamuna kapena mlendo wa panjira, mwalonjeza kuzima moto wake.