Operating system: kapitawo wa kompyuta ndi foni

Operating system, imene ambiri amangoitchula kuti OS, ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta kapena foni yamakono. Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ndi iOS za Apple, Android ya Google komanso Linux ndi zitsanzo zodziwika bwino. Munthu akayatsa makina, kapulogalamu kakang'ono kokhala m'zipangizo momwemo kamayamba kuona ngati zonse zili m'malo, kenako kamadzutsa operating system. Kuchokera pamenepo mpaka makinawo atazimitsidwa, palibe pulogalamu imene imapeza mpata pa purosesa, kufikira mafayilo kapena kutsegula kamera popanda chilolezo chake.

Ntchito yake yaikulu ndi kugawa zinthu zochepa kwa ofuna ambiri. Tiyerekeze munthu amene akumvera nyimbo pafoni kwinaku akulemba uthenga pa WhatsApp, chithunzi china chikubwera kuchokera pa intaneti. Zimaoneka ngati zonse zikuchitikira limodzi, koma purosesa ili ndi zigawo zowerengeka chabe pomwe ntchito zodikirira ndi zambirimbiri. Chigawo cha m'kati mwenimweni mwa OS, chotchedwa kernel, chimapatsa ntchito iliyonse kachigawo kochepa kwambiri ka sekondi, n'kuichotsa, n'kulowetsapo ina. Kusinthanaku n'kwaliwiro moti khutu silimva nyimbo ikudukiza.

Chinanso chogawidwa ndi RAM, malo amene makina amaikapo zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa malo akeake ndipo siloledwa kusuzumira m'malo a inzake. N'chifukwa chake imodzi ikasokonezeka, nthawi zambiri zinazo zimapitiriza. RAM ikadzaza, kompyuta imasamutsira zina pa disiki, imene ndi yochedwa, ndipo apa m'pamene makina amayamba kukwawa. Android ili ndi njira inanso: imatseka mapulogalamu amene mwini foni sakuwagwiritsa ntchito pakali pano. Amene ali ndi foni ya RAM yochepa amazidziwa bwino izi, pakuti akangochoka pang'ono pa pulogalamu ina, pobwerera amaipeza ikuyambiranso. Tisaiwale kuti RAM imafufutika magetsi akangozima. Kalata imene sinasungidwe pa disiki imapita nawo.

Mayina a mafayilo ndi mafoda amene timaona ndi ntchito ya OS. Disiki payokha siidziwa dzina la chikalata chilichonse. Operating system ndiyo imasunga kaundula wa pomwe chidutswa chilichonse chili. Pa hard disk zambiri, kufufuta fayilo kumangochotsa dzina lake m'kaundulayo, ndipo zolembedwazo zimakhalabe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Wogulitsa kompyuta yakale ayenera kuganizira zimenezi. Nayo fulashi imafunika kuitulutsa mwadongosolo, chifukwa nthawi zina OS imakhala isanamalize kulembamo.

Pa zipangizo monga pirinta ndi kiyibodi, OS imadalira timapulogalamu totanthauzira totchedwa driver. Wolemba pulogalamu safunika kudziwa mtundu uliwonse wa pirinta. Amangopempha OS kuti isindikize. Popeza OS iliyonse ili ndi kapemphedwe kake, pulogalamu yopangidwira iPhone siingayende pa Android pokhapokha itakonzedwanso.

Makompyuta oyambirira analibe zonsezi, ndipo akatswiri ankalowetsa ntchito imodziimodzi pamanja. Imodzi mwa ma OS oyamba idapangidwa mu 1956 ndi makampani a General Motors ndi North American Aviation kuti iziyendetsa makina a IBM 704. Mu 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adayamba kupanga Unix ku Bell Labs, m'dziko la America. Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adatulutsa Linux, imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito ndi kuisintha. Android idamangidwa pa kernel ya Linux, choncho ochuluka amayenda ndi Linux m'thumba osadziwa.

Pulogalamu yokhala ndi mphamvu zonsezi ikakhala ndi chibowo, akuba akadutsirapo atenga zonse. Opanga ma OS amatumiza ma update otseka zibowo zotere, ndipo kuwanyalanyaza pofuna kusunga bandulo n'kutchipa kwa kanthawi chabe. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry idamanga mafayilo m'makompyuta a Windows m'maiko oposa 150 n'kumalamula dipo, ndipo zipatala zambiri za boma ku Britain zidabweza odwala. Chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera chibowocho mu Marichi chaka chomwecho.

Nkhaniyi ikukhudza makompyuta akaunjika amene ali m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba zambiri kuno kwathu. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwanthawi zonse, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene makina ambiri akale alibe. Makina oterewa akuyakabe ndi kugwira ntchito monga kale, koma zibowo zopezeka mtsogolo sizidzatsekedwanso kudzera m'ma update a nthawi zonse. Amene sangakwanitse kugula ena angathe kuikamo Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, zimene ndi zaulere, atayamba akopera mafayilo ake onse pamalo ena.