Nyemba kapena Mabuku

Ntchito yanga yoyamba inali yaukalaliki mu ofesi ya zachuma pa koleji ina ya boma. Popeza dzanja langa linali lowerengeka bwino, akuluakulu ankanditenga kuti ndizikalemba zokambirana pa misonkhano ya bajeti. Kalaliki saloledwa kutsekula pakamwa pa msonkhano wotere, koma makutu amakhala ake. Zimene ndinamva m'zaka zimenezo ndi zomwe zandichititsa kulemba mbiriyi, chifukwa anthu ambiri akamadandaula za kulowa pansi kwa maphunziro aukachenjede amaloza chala aphunzitsi kapena ophunzira, kuiwala kuti nkhaniyi inayambira pa thumba la boma.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Masiku amenewo wophunzira wa payunivesite anali mwana wa boma. Ankadya katatu patsiku, ankagona m'hositeli, ndipo ankalandirako kandalama kogulira mabuku. Boma linkatha kusenza mtolowu chifukwa ophunzira anali ochepa, komanso fodya, tiyi ndi shuga zinkabweretsa ndalama zakunja.

Zinthu zinayamba kutembenuka cha m'ma 1979 pamene mafuta anakwera mtengo padziko lonse. Posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, moti katundu wathu ankachita kuzungulira mtunda wautali kudzera ku South Africa. Mu 1981 boma linatenga ngongole yoyamba yokonzanso chuma ku World Bank, ndipo ngongole zoterezi zinkabwera ndi lamulo loti boma lichepetse ndalama zomwe limawononga. Akatswiri a bankiyo ankaphunzitsanso kuti kwacha yoikidwa ku pulayimale imapindulira dziko koposa kwacha yoikidwa ku yunivesite. Maganizo amenewa anafala m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo mayunivesite anayamba kuoneka ngati mwana wodya kwambiri pakhomo la njala.

Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo chaka chomwecho maiko otithandiza anaimitsa thandizo lina pofuna kuti boma la Dr Kamuzu Banda lilemekeze ufulu wa anthu. Mu 1994 boma linasiya kuikira kwacha mtengo, moti dola yomwe inkagulidwa ndi ndalama yosakwana K5 kumayambiriro a chakacho inafika cha pa K15 chaka chisanathe. Chaka chomwecho boma latsopano la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino, koma walira mvula walira matope. Ana onsewo ankafuna aphunzitsi, choko ndi makalasi kuchokera m'thumba lomwe lija.

Msonkhano umene sindiuiwala unachitika chaka chotsatira. Kalata ya ndalama zomwe boma latipatsa inali itafika, ndipo zinali zoperewera kwambiri poyerekeza ndi zomwe tinapempha. Mkulu woona zachuma anawerenga mndandanda wa zofunika kulipira. Malipiro a antchito sakanakhudzidwa, chifukwa munthu wolembedwa ntchito sungamuuze kuti mwezi uno adye mphepo. Madzi ndi magetsi zikapanda kulipidwa eni ake amadula. Zitachoka zimenezi panatsala zinthu zitatu: chakudya cha ophunzira, kukonza nyumba zowonongeka, ndi mabuku a mulaibulale pamodzi ndi mankhwala a mulabotale.

Woyang'anira laibulale, bambo wachikulire wofatsa, anaimirira. "Bwana wapampando," anatero, "magazini a kafukufuku timalipira m'mapaundi ndi m'madola. Ndalama zimene zinkagula atatu chaka chatha lero zikugula imodzi. Mukadulanso pamenepa, tisiyiretu kuitanitsa."

Woyang'anira zosamalira ophunzira sanachedwe kuyankha. "Akuluakulu, ine ndimakhala ndi anawa tsiku ndi tsiku. Nyama tachepetsa kale. Mukakhudza nyemba ndi ufa, sabata ino sitha magalasi asanasweke, ndipo koleji itsekedwa. Nanga mabukuwo adzawerenga ndani?"

M'chipindamo munangoti zii. Aliyense ankadziwa kuti onse awiri akunena zoona. Wapampando anavula magalasi, nawapukuta kwa nthawi, kenaka anagamula kuti chakudya chikhale momwemo, kukonza nyumba kudikire, ndipo laibulale isunge magazini ochepa okha. Ine ndinalemba mawu atatu amene ndinadzawalembanso chaka ndi chaka: "Tidzaonanso chaka chamawa."

Kunena zoona, tsiku limenelo ndinaona ngati nzeru zapambana, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti akuluakulu aja analakwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Njala ya wophunzira imamveka tsiku lomwelo, pamene buku losagulidwa silifuula ndipo denga lodontha silichita zionetsero. Vuto lake n'lakuti zinthu zosafuulazo ndi zomwe zimaisandutsa sukulu kukhala yunivesite. Patapita zaka, munthu ukalowa mulaibulale unkatha kuloza pa shelefu chaka chimene ndalama zinatha, chifukwa magazini ankalekera pomwepo. Ophunzira a sayansi ankaloweza pamtima zinthu zomwe anayenera kuziyesa ndi manja. Aphunzitsi ena, ataona malipiro awo akusungunuka, anapita ku Botswana ndi ku South Africa, ena n'kumathera nthawi yambiri pa maganyu a kafukufuku a mabungwe omwe si aboma.

Boma litalephera kusenza lokha, mtolo unatsikira kwa makolo. Mu 2001 fizi ya pachaka inakwera kufika pa K25,000, ndipo m'zaka zomwezo makoleji anayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha amene ankadzipezera pogona kunja. Yunivesite ya Mzuzu inali itatsegulidwa mu 1999, ndipo pambuyo pake kunabwera ya Luanar ndi ya MUST ku Thyolo, zonse zodya m'mbale imodzi ya boma. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede. Mu 2016 fizi itakwezedwa kufika pa K400,000 ophunzira anachita zionetsero, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika anaitsitsako ndi K50,000. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu, Polytechnic n'kukhala MUBAS, ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nyemba zomwe tinaziteteza zija nazonso zinapita. Makoleji anadzasiya kuphikira ophunzira, ndipo wophunzira anayamba kudzionera yekha chakudya. Mabuku tinataya poyamba, chakudya tinataya pambuyo, ndipo zaka zomwe zinadutsa pakatipo sizingabwererenso, pakuti madzi akatayika saoleka.

Mdzukulu wanga atasankhidwa kupita ku yunivesite anandifunsa chifukwa chake ife akale timati kale kunkakoma. Ndinamuuza kuti kunkakoma kwa anthu ochepa, ndipo n'chabwino kuti lero khomo latsegukira ambiri. Koma ndinamuuzanso kuti akadzakhala pa mpando wogawa ndalama, adzayambe wafunsa kuti pamndandandapo n'chiyani chimene chilibe wochiyankhulira. Mlimi wanzeru, ngakhale chaka cha njala, amapachika ngala zingapo za chimanga patsindwi pamwamba pa moto, ndipo ana akalira bwanji sazitsitsa, chifukwa amadziwa kuti mvula ikagwa adzafuna mbewu.