Mlezi kapena mphunzitsi?

Pa mayina onse amene tapatsa malo osonkhanako ana osafika zaka 6, la CBCC ndiye lokanika pakamwa. Linabwera ndi boma ndi UNICEF chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma agogo a ku Ntaja kapena ku Ulongwe salitchula. Iwo amangoti mwana wapita kumkaka, ngakhale kuti chimene amakamwa kumeneko ndi phala, likapezeka.

Ine mtima wanga uli pa dzina lina, lakuti "mmera mpoyamba". Amene anatola mwambiwu anaponda m'mapazi mwa Friedrich Fröbel, Mjeremani amene mayi ake anamwalira iye ali khanda. Mu 1840 anatcha sukulu yake ya ku Bad Blankenburg kuti kindergarten, ndiye kuti dimba la ana. Kwa iye mwana anali mbande yofuna kuthirira, ndipo masewera ndiwo anali maphunziro ake. Ankaphunzitsanso amayi ntchitoyi ngati luso lapadera.

Apa ndi pamene mawu akuti "mlezi" amandinyong'onya. Kumudzi mlezi ndi kamtsikana kobereka mwana mayi ake ali kumunda, kolipidwa ndi nsima. Tsono taonani mayi wa ku Phalula amene wakhazika ana pamkeka, akuwaphunzitsa kuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo, mwana wina akuumba ng'ombe yadongo. Ameneyu si mphunzitsi? Tinamutcha mlezi, ntchito yake n'kuiika pansi pa unduna woona za amayi ndi ana, ndipo ambiri mwa alezi amangogwira modzipereka. Anzanga amati dzinali limateteza ana kuti asasandutsidwe a Sitandade 1 nthawi isanakwane. Ndikuwamva, komatu dzina lomweli limachititsa kuti za malipiro zisamveke.

Chilankhulo nachonso n'chimodzimodzi. Mwana wa ku Machinga amadzuka ndi Chiyao, kumkaka amamva Chichewa, kenako aloweze masiku a sabata m'Chingerezi. Mu 1996 boma linalola kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chakwawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira. Makolo nawo amayesa mlezi ndi Chingerezi chomwecho. Mwana akangoti Monday, Tuesday, amaomba m'manja. Akafotokoza nthano yonse ya kalulu m'Chiyao, amafunsa ngati lero kunali sukulu.