Kaundula wa Sukulu Yaing'ono: Za Ana Amene Analowa ndi Amene Anatsala Panjira

Pa nyengo ya Jubili timakonda kuchula abusa, aphunzitsi ndi akulu a Boma amene anayamba kugwira sileti m'sukulu za m'mapiri muno, ndipo nkoyenera kutero. Koma ife tafuna kutsegula buku lina lopanda mbiri, ndilo kaundula wa sukulu yaing'ono ya kumudzi, m'mene mphunzitsi aitana maina m'mawa uli wonse. Pakuti buku limeneli litiuza zinthu ziwiri: ana amene analowa, ndi ana amene anakhalabe kufikira cimariziro.

Pa 28 November 1889 Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anakhazikitsa Misyoni pa Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni, Ciwere. M'caka ca 1894 Mbusa Robert Blake anayamba nchito pa Kongwe, kwa Msakambewa, ndipo mu 1910 anatsegula Cinthembwe ku Nchisi. Kucokera ku malo amenewa sukulu zinafalikira m'midzi. Nyumba yace inali ya mitengo ndi udzu, mphunzitsi mmodzi yekha, ndipo yemweyo ndiye analalikira tsiku la Sabata. Ophunzira anali osakanizika ndithu: Acewa ndi Angoni, tiana tating'ono pamodzi ndi amuna a ndebvu, onse kutsata zilembo zomwezo. Muyeso wa kukhoza unali umodzi, ndiwo wakuti munthu adziwerengere yekha Mau a Mulungu. Ndipo pamene Buku Lopatulika linaturuka lathunthu mu 1922, atalimbikira nchito yomasulira Mbusa W. H. Murray ndi anzace, muyesowo unapeza pokhazikika.

Koma ngakhale masiku amenewo kaundula sanali wodzala caka conse. Anyamata anali kubusa ndi ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ena, pofika msinkhu, anapita kudambwe. Pakuti akulu a mudzi anaona kuti sukulu iwalanda ana, ndipo mkangano wa sukulu ndi Nyau unakula m'zaka za m'ma 1920. Asungwana anatsala pamtondo, nalowa cinamwali, nakwatiwa msanga, cinkana Martha Murray anayamba nyumba yolerera asungwana pa Mvera m'zaka zoyamba zomwe. Atate ambiri anali ku Halale kofuna ndalama za msonkho, kotero kuti mu 1912 Misyoni inatumiza Mbusa Vlok kukakhala pakati pao ku Salisbury. Ndipo mwana amene atate wace anacoka ndiye anagwira khasu m'malo mwace. Tibvomerenso cimene olemba mbiri anena, kuti Misyoni yathu inalimbika pa sukulu za m'midzi, pa ulimi ndi nchito za manja, koma inazengereza pa Cingerezi ndi maphunziro apamwamba kusiyana ndi Livingstonia ndi Blantyre. Cifukwa cace ana ambiri a nzeru a ku Dowa ndi Nchisi analekeza pafupi, osati cifukwa ca ulesi ai, koma popeza makwerero anali afupi.

Boma la Atsamunda linalowamo pang'ono pang'ono. Mu 1907 linayamba kupatsa Misyoni zonse pamodzi £1,000 pa caka. Mu 1924 anadza a Phelps-Stokes kudzaona sukulu. Ndipo mu 1926 linakhazikitsa cigawo cace coyang'anira maphunziro. Kuyambira pamenepo muyeso unasanduka: tsopano anafunsa za makalasi, za mayeso ndi za masetifiketi a aphunzitsi. Sukulu ya sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, kutali ndi mapiri ano. Panalinso ndalama ya sukulu, imene kwa zaka zambiri, ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, inapeta ana monga licero: a kwa mwini ng'ombe kapena ngolo anatsalamo, a kwa mkazi wamasiye anauluka ndi mankhusu.

M'caka ca 1994 Boma linacotsa ndalama ya sukulu za pulaimale, ndipo ana a m'dziko lonse anacuruka kucokera pafupi 1.9 miliyoni kufika ngati 3 miliyoni m'caka cimodzi. Cimeneci cinali cinthu cacikuru, ndipo tiyamika. Lero sukulu zambiri zimene makolo athu anamanga ziri m'dzina la mpingo, koma aphunzitsi alipidwa ndi Boma, ndipo mwana ali yense alowa, wa cipembedzo ciri conse.

Tsono tiyeni tiime pabwalo la sukulu yaing'ono yotere. Sitandade 1 yadzala, ena akhala pansi pa mtengo, asungwana ndi anyamata pafupi kulingana. Sitandade 8 ikwana pa mabenci owerengeka. Pa mayeso otsiriza a pulaimale a 2022 ndi 2023, oposa 80 mwa ana 100 ali onse amene analemba m'Malawi anakhoza. Koma mwa ana oyamba Sitandade 1, ofika Sitandade 8 sakwana ndi theka lomwe. Cotero mndandanda wa okhoza ungathe kukondweretsa mudzi, pamene ana ocuruka anatayika kale asanaone pepala la mayeso.

Zifukwa zace si zacilendo kwa ife. M'miyezi ya January ndi February nkhokwe zipepuka, ndipo mwana atsata amace kuganyu. Mitsinje ya m'zigwa idzala, ndipo wamng'ono sangaoloke. Nyengo yosoka ndi kusankha fodya manja onse afunika pakhomo, ndipo ana a matenanti asamuka ndi makolo ao pakati pa caka. Amene ajomba abwereza kalasi, amene abwereza akula, ndipo wamkulu acita manyazi kukhala ndi tiana. Pamwamba pa izi, mayeso alembedwa m'Cingerezi kupatula phunziro la Cicewa, pamene mwana wa kuphiri samva Cingerezi kwina koma m'kalasi mokha. Kwa asungwana khomo latseguka koposa kale: kuyambira 1993 amene wabala mwana aloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2017 malamulo akuru a dziko anaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati. Koma lamulo siliyenda lokha kukagogoda pakhomo.

Cifukwa cace tipempha inu akulu a mpingo, mafumu, ndi a komiti ya sukulu: pofuna kuyesa sukulu yanu, musayambe ndi pepala la okhoza lopacikidwa pakhoma. Pemphani kaundula wa zaka 8 zapitazo, muwerenge maina amodzi amodzi, ndi kufunsa kumene kuli mwana ali yense. Pakuti ambiri a iwo muwadziwa ndi maliro a kwao omwe. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mbusa wa ng'ombe sakondwera ndi zonenepa zokha zimene zatsogola kukhola. Aima pacipata dzuwa likulowa, nawerenga zonse, ndipo ikasowa imodzi abwerera kudambo.