Za Ndege Zotera pa Madzi ku Cape Maclear

Inu owerenga, ambiri mudziwa kuti ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, ndiko kumene ngalawa ya Ilala inakoceza m'caka ca 1875. Koma ndi owerengeka akumbuka kuti m'caka ca 1949 kunafikanso ngalawa zina zotsika kumwamba. Izo zinali ndege za kampani ya BOAC, dzina lao Solent, zimene zinanyamuka ku Southampton ku Mangalande, ndi kutera pa madzi a nyanja yathu pa ulendo wa ku Johannesburg.

Tsono taganizani: bwalo la ndege la pamtunda alicinga ndi mpanda, koma nyanja iribe mpanda. Pamenepo payenda mabwato a asodzi, payandama zipika, pavuuka mvuu, ndipo mwera uutsa mafunde osacenjeza. Woyendetsa ali m'mwambayo sakhoza kuona zonsezi. Cifukwa cace pa madooko otere panali kangalawa koyendera madzi ndege isanafike, ndipo anthu a pansi anamuuza pa wailesi kumene icokera mphepo, ndi kuti njira yayera. Wailesi ikalephera analankhula ndi nyali: yobiriwira kuti tera, yofiira kuti usatere.

Ndegezo zinaleka kubwera m'caka ca 1950, koma mwambo wa mau unakulirakulira. M'caka ca 1951 bungwe la maiko loona za ndege, ICAO, linapangana kuti Cingerezi cikhale cinenero ca onse m'mwamba, ndipo m'caka ca 1956 linakhazika maina a zilembo, monga Alfa, Bravo, Charlie, kuti khutu lisasokoneze B ndi D. Lamulo lalikuru ndi ili: woyendetsa akalandira cilolezo, abwereze mau amene wamva, kuti wa pansi atsimikize kuti amvana.

Kodi ncifukwa ninji kubvutika kotere? Pa cisumbu ca Tenerife, m'caka ca 1977, woyendetsa wina anayesa kuti waloledwa kunyamuka, pamene sanaloledwe. M'nkhungu ndege yace inagunda inzace, nafa anthu 583.

Akuru anati, safunsa anadya phula. Mukaona ndege irikupita pamwamba pa Nyanja, dziwani kuti miyoyo ya onse ali m'katimo yatsamira pa anthu awiri osaonana nkhope, wina kunena momveka, wina kumva ndi kubwereza.